Tambala wa diso lamanzere

Ine ndimadyera kamera. Maukwati, zinkhoswe, tizithunzi ta pa chiphaso, zonsezo ndimajambula pa kasitudiyo kanga kufupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata. Za VR, zithunzi zoonera m'chigoba chovala kumaso n'kumaona ngati uli pamalo pomwepo, ndinkangozimvera kutali, mpaka tsiku lomwe amalume a ku Leeds, ku England, anandiimbira pa WhatsApp. Iwowa anachoka ine ndisanayambe sukulu, ndipo ambuya sawatchulanso dzina, amangoti "mtchona uja".

"Mphwanga," anatero, "ndagula Meta Quest, chigoba chovala kumaso chija. Sindikufuna chithunzi chaphwatalala ngati cha pa kalendala. Ndikufuna ndikachivala ndiime pakati pa bwalo la kwathu, ndicheuke ndione nkhokwe, ndikweze maso ndione mtengo wa mango."

Ndinavomera ndisanamvetse, pakuti ndalama inali italowa kale mu foni.

Nditachezera pa intaneti usiku wonse ndinaona kukula kwa dzenje lomwe ndadzikumbira. Maso a munthu ndi otalikirana pafupifupi masentimita 6.5, lililonse limaona mosiyanako ndi linzake, ndipo ubongo ukaphatikiza ziwirizo ndi pomwe umadziwa chapafupi ndi chakutali. Choncho pamafunika zithunzi ziwiri zozungulira ngati mpira, madigiri 360 m'mbali ndi 180 kuchokera kumwamba kufika kumapazi, china cha diso lamanzere, china cha lamanja. Alipo makamera a maso asanu ndi limodzi ochita zonsezi pa kamodzi, koma mtengo wake ndi wa ng'ombe zingapo. Amphawife njira yathu ndi ya kamera imodzi: uiike pambali pang'ono, uzungulire nayo, uisunthire mbali ina, uzungulirenso.

Kalipentala wina anandibowolera kathabwa mabowo awiri otalikirana masentimita 6.5, n'kukamanga pamwamba pa sitandi yanga ya miyendo itatu. Ndinabwerekanso levulo kwa womanga nyumba, chifukwa chithunzi chotere chikapendekeka, wovala chigoba amachita nseru ngati wakwera basi pa msewu wokumbika. Masamu anali osavuta: kutembenuza madigiri 30 nthawi iliyonse, zithunzi 12 kuti mzere ukwane, mizere itatu. Diso limodzi 36, onse awiri 72. Lamulo lake ndi limodzi basi, ndipo ndi lomwe linandigwetsa: pasasunthe kanthu.

Loweruka m'mawa ndinafika kumudzi, kupitirira Mtenguleni pa msewu wa ku Katete. Ndinalengeza lamulo lija.

"Tiume ngati zitsa chifukwa cha mtchona?" anatero ambuya. Komabe anakhala pamphasa ndi lichero lawo la nshawa. Ana ndinawagula ndi maswiti. Yemwe anamvera lamulo kuposa onse anali tambala wofiira wa ambuya: anaima pafupi ndi mtondo, chifuwa patsogolo, lipombo lili njoo, ngati wauzidwa kuti akaonekera ku England.

Diso lamanzere ndinalimaliza cha m'ma 10 koloko. Nditangosunthira kamera pa bowo lachiwiri, batire linathima. Lapadera linali pa tebulo ku Chipata. Mwana wina anathamanga ndi lothima lija pa njinga kukalitchaja pa kantemba ka sola, ndipo tinadikira.

Mukudziwa kuti mlendo wochokera ku tauni sadyetsedwa chibwabwa. Ndili chigonere pansi pa mango ndinamva kukwekwelera kuseri kwa khitchini, sindinalabadire. Nsima itabwera, ambuya anandiikira ntchafu ndi nthutumba. Ndinadya mpaka kunyambita zala, n'kutsitsira thobwa. Cha m'ma 14 koloko batire linabwera, ndinazungulira diso lamanja, aliyense atabwerera pomwe ankati ndi pamalo pake.

Kusoka zithunzizo pa pulogalamu ya Hugin kunanditengera masiku awiri, kudikira malaiti akabwera. Ndinasanjikiza cha kumanzere pamwamba, cha kumanja pansi, monga mmene zigobazi zimafunira. Pa laputopu chilichonse pachokha chinali chokongola moti ndinadziombera m'manja. Ndinatumiza ku Leeds nthawi yomweyo. Kuyesa ndi maso onse awiri sindinayese, poti kachigoba kanga kotchipa, kakatoni ka magalasi awiri kolowetsamo foni, mtundu uja Google inatulutsa mu 2014, kanali kakadali pa basi yochokera ku Lusaka. Kanafika Lachisanu, ndipo Loweruka ndinapita nako kumudzi. Mwaulemu ndinati ayambe ndi ambuya.

Anakhala chete kanthawi. Kenaka mutu unayamba kutembenuka pang'onopang'ono, n'kuima.

"Iwe. Tambala uyu si tinadya?"

"Tambala uti, ambuya?"

"Wofiira. Wayima pa mtondo. Komanso ndikuona khoma kudzera m'thupi mwake. Mayo ine!"

Ndinalanda kakatoni kaja n'kuvala. Analipodi, koma ngati utsi, akuthwanima. Ndikatsinzina diso lamanzere, pa mtondo palibe kanthu. Ndikatsinzina lamanja, uyo wabwerera, chifuwa patsogolo. M'mawa anali wamoyo, masana anali m'mimba mwanga, ndipo ubongo unkakanika kugwirizanitsa maumboni awiriwo. Sanali yekha. Mthunzi wa mango unagwera uku ndi uku nthawi imodzi, poti dzuwa silinamve lamulo langa. Ambuya eni ake analipo awiri osakwanira, wina pamphasa, wina chapafupi ndi khonde, atavala zitenje zosiyana. Poyang'ana pansi, m'malo mwa miyendo yako umaona miyendo itatu yachitsulo, ndi mapazi anga asanu a patapata opanda mwini, omwe pulogalamu inadula n'kuwamwaza mozungulira. Pasanathe mphindi ziwiri mutu unali ukuwawa kuseri kwa maso.

Nkhani inawanda mudzi wonse nsima isanapse. Anyakwawa anabwera, anavala, n'kufuna kuyenda kuti akamugwire tambalayo. M'chithunzi chotere munthu sayenda, amangotembenuka pomwe wayima, koma ndisanawauze anali ataponda kale mchira wa galu. Ndinayesa kufotokoza za masentimita 6.5. Ambuya anati masentimitawo ndikawafotokozere akulu a mpingo Lamulungu.

Ndili mkati moganiza momwe ndingabwezere ndalama yomwe ndinali nditadya kale, foni inalira. Leeds.

"Mphwanga!" Mawu anali a munthu wolira. "Ndafika kwathu. Nkhokwe, mtondo, amayi pamphasa ndi nshawa zawo. Wachita ntchito."

"Mutu sukukupwetekani, amalume? Palibe chooneka pawiri?"

"Pawiri chiyani? Zonse zili mbee."

Ndinatseka foni ndi dzanja n'kuyang'ana ambuya. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe sudziwa? Diso lamanja la mtchona linafa ali mwana. Anzake anamulasa ndi legeni posaka njiwa. Limangooneka labwino kunja."

Zithunzi 36, maola anayi odikira batire, kathabwa ka kalipentala, zonsezo ndinavutikira diso losaona. Amalume ankaona bwalo la m'mawa lokha, laukhondo, aliyense ali pamalo pake.

"Ulipo, mphwanga? Uwauze amayi kuti Disembala ndikubwera. Ndipo tambala wofiira wa pa mtondoyo asamuphe. Ameneyo ndi wanga."

Ambuya anamva okha, foni inali pa sipika. Anatola nshawa imodzi, kuiswa, n'kundiloza nayo.

"Nthutumba unadya ndiwe."

Sabata ino ndi yachitatu ndikuzungulira m'misika ya Chipata, foni m'manja, kuyerekeza malipombo a atambala ndi chithunzi. Amayi ena ogulitsa nkhuku ku Kapata anandikokera pambali dzulo n'kundinong'oneza kuti ngati sing'anga wanga waumirira wofiira yekhayekha, iwo akudziwa wina amene amalandira ngakhale wamawangamawanga.