Mkaka wotsala ndimauika mufiliza, ndinasiya kutaya

Chimene chinkandiwawa kwambiri kukhitchini kwanga ndi kukhuthulira mkaka musinki. Umagula botolo la malita 2 poti lalikulu limatchipirako, koma omwa pakhomo ndi ochepa, pakangopita masiku angapo wasasa, basi ndalama zalowa mmadzi. Ndiye ndinayamba kuumitsa mufiliza.

Ndimaugawa tsiku lomwe ndagulalo, sindidikira kuti deti yothera yolembedwa pabotolo iyandikire ayi, chifukwa filiza siikonza mkaka woti wayamba kale kuonongeka, kuzizirako kumangogoneka mabakiteriya koma sikuwapha, mkaka ukasungunuka amadzuka nkupitiriza pomwe analekezera. Woti timwa masiku awiri atatu umatsala mufiliji, winawo ndimathira mtimabotolo tapulasitiki totsuka bwinobwino. Koma osadzadza mpaka kukamwa! Mkaka ukamauma umatupa, ine ulendo woyamba ndinadzadza ndipo mmawa ndinapeza chivindikiro chakankhidwa, mkaka watuluka nkuumira mmbali mwa botolo. Pano ndimasiya mpata wa zala ziwiri pamwamba. Lagalasi ndiye musayerekeze, limasweka. Ndimalembapo deti nkutseka kwambiri poti mkaka suchedwa kukoka fungo la zinthu zina zamufiliza. Wina pang'ono ndimathira muthileyi ya ayezi, timabuloko tikauma ndimatisunga mkapepala kapulasitiki, kamodzi kapena tiwiri takwana kapu ya tiyi.

Ukauma umaoneka wachikasu, musadabwe, kuyera kumabwerera ukasungunuka. Filiza ikakhala pa madigiri -18 a Celsius umatha kukhala miyezi 3, ngakhale ine ndimayesetsa kuumaliza mwezi usanathe chifukwa ukakhalitsa kakomedwe kamasintha.

Kusungunula ndi kumene kumafuna kudekha. Ndimatulutsa botolo madzulo nkulikhazika pambale mufiliji, laling'ono pofika mmawa lasungunuka, lalikulu limatha tsiku lonse mwinanso awiri. Pathebulo sindisiya olo nditafulumira bwanji, chifukwa wakunjawu umayamba kufunda pakati padakali chimwala, ndipo wofundawo ndi umene mabakiteriya amachulukanamo. Zikavuta ndimaviika botolo lotseka mubeseni ya madzi ozizira nkumawasintha pafupipafupi. Komanso muzidikira usungunuke wonse, osamathirako woyambirirawo, apo ayi wotsalawo udzakhala ngati madzi.

Mukayang'ana mubotolo muona mafuta apatukana, timibulu tikuyandama pamwamba, ena amataya apa poganiza kuti waonongeka pomwe ayi ndithu. Ingokhutchumulani mwamphamvu, kapena muuzungulitse mubulenda pang'ono, ubwerera. Kunena zoona sukoma ndendende ngati wongogula kumene, makamaka wamafuta ambiri, kumwa wokhawokha mumamva kusiyana, koma mutiyi, mukhofi kapena pophika keke palibe angadziwe. Ndimaununkhiza kaye ndisanathire, ndimaumaliza pamasiku awiri kapena atatu, ndipo wosungunuka kale sindiubwezanso mufiliza, nchifukwa chake ndimakonda timabotolo ting'onoting'ono toti tikatsegula kamodzi katha.