Alamu awiri ndi mwendo wa mbuzi

Loweruka usiku, ku Chibavi. Ndikulemba juzi ikununkhabe utsi.

M'mawa ndinadzuka chifunga chitakuta paliponse, moti ngakhale mpanda wa aneba sunkaoneka. Julaye wa ku Mzuzu ndi wotero: kamvula kowaza kosaleka, kamphepo kolowa m'mafupa, madzi a pampopi ngati agona m'filiji. Tsiku lotere munthu wanzeru amafunda bulangete n'kumamwa tiyi. Ife tinali titaitana anthu kudzadya nyama yootcha panja, poti alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, abwera kuchokera ku Joni patatha zaka zinayi ndipo Lachiwiri akubwerera.

Kumsika ndinapita ndekha. Mwendo wakumbuyo wa mbuzi, nkhuku ziwiri zoyera, tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi kambuzi. Mtengo wa mbuziyo ndisautchule, mtima ungayambenso kundiwawa. Wogulitsayo polandira ndalama anati "yewo chomene, dada" mpaka kawiri, ndipo ndinadziwa kuti ndalipira bwino. Vuto linali makala. Thumba linagona pakhonde sabata yonse, chinyontho chinalowa mpaka pansi.

Chootchera chathu ndi dramu lodulidwa chamlitali, miyendo inayi, waya pamwamba. Anandiwotcherera mnyamata wina wa ku Luwinga zaka zisanu zapitazo, ndipo pansi pake pabooka kale malo awiri, ndinatseka ndi kachidutswa ka lata. Alamu atafika cha m'ma 10 analizungulira ngati akuyang'ana galimoto yochita ngozi.

"Alamu, mukadali pomwepa?"

Foni inatuluka m'thumba. Anandionetsa kanema wa mbaula imene bwana wawo ali nayo ku Johannesburg. Kunja ikuoneka ngati dramu langa lomweli litasamba n'kudzola mafuta. Kusiyana kuli m'kati. Pambali pali kabokosi kothiramo tinjere ta utuchi wotsendereza, tofanana ndi chakudya cha nkhuku. Pansi pa kabokosiko pali chitsulo chopotana ngati sikuluwu, chimene chimazungulira pang'onopang'ono n'kumakankhira tinjereto m'kambale ka moto. Kachitsulo ka magetsi kamayatsa, fani imapemerera, kakompyuta kamayeza kutentha mosalekeza: kukatsika kawonjezera tinjere, kukakwera kachepetsa. Iwe umangolemba pafoni kuti ndikufuna madigiri 110, basi, n'kupita kutchalitchi. Mbaula ili pa Wi-Fi ya m'nyumba, ndiye ngakhale ulaliki uli pakati utha kusuzumira m'thumba kuona pamene nyama yafika.

Nkhaniyi alamu anailoweza ngati katekisimu. Mbaula za tinjere anaziyambitsa Joe Traeger wa ku Oregon m'zaka za m'ma 1980, ndipo kampani yodziwika ndi dzina lake ndi imodzi mwa zimene zatchuka ndi mbaula zolumikizika ku intaneti. A Weber, kampani ina ya mbaula ya ku America, nawonso ali ndi zawo. Atatchula Weber ndi pamene ndinapeza poyankhira, poti mbiri yake ndinaiwerengapo. Mu 1952 George Stephen, amene ankagwira ntchito pafakitale ya zitsulo ku Chicago, anatenga chimpira chachitsulo chija amayandamitsa pamadzi kuti chizilondolera zombo, anachidula pakati, n'kuchiika miyendo itatu ndi chivundikiro. Mbaula yotchuka ya ku America inabadwa monga anachitira mnyamata wanga wa ku Luwinga, kudula chitsulo chimene chinapangidwira zina. Alamu anati nzoona, koma a Weber sanaime pomwepo.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandibweretsere imodzi. Anaseka. Mtengo ndi nkhani ina, koma ngakhale atandipatsa yaulere ndingaidyetse chiyani? Imafuna magetsi nthawi yonse imene ikuyaka. Akangozima, sikuluwu yaima, fani yaima, moto wafa nyama ili theka. Tinjere take ndi ta mitengo yolimba monga oak ndi hickory. Utuchi ife tili nawo milumilu ku Chikangawa, koma ndi wa paini, ndipo utsi wa paini uli ndi utomoni umene umawawitsa chakudya. Amene anayesapo kuotcha chimanga pa zidutswa za matabwa a paini akudziwa chimene ndikunena.

Chimene anabwera nacho ndi kanthu kakang'ono, kamsomali konyezimira kotalika ngati bolopeni, kopanda waya, kogona m'kabokosi kake momwe kamatchajira. Kusongokako umabaya m'nyama mpaka pakati, mutu umatsala kunja. Kali ndi toyezera tiwiri: kamodzi kamamva kutentha kwa m'kati mwa nyama, kena kamamva kwa mpweya wa pamoto, ndipo manambala onse amapita ku foni pa Bluetooth.

Kuti kayambe ntchito tinadutsa paminga. App inakana kutseguka mpaka itsitse kaye zatsopano. Layini ya alamu ya ku Joni kuno ndi chidole, ndiye hotspot inachokera kwa ine, pa bandulo imene ndinagula kuti indifikitse Lachitatu. Kenako inafuna pasiwedi, alamu aiwala. Imelo yosinthira pasiwediyo inafika patatha mphindi 20. Nthawi yonseyo mwana wanga wamkazi wa zaka 11 anali chiweramire pa dramu, akupemerera makala onyowa aja ndi chivundikiro cha poto, misozi ya utsi ili mbwembwembwe. Moto unakolera foni isanavomere.

Atsibweni anatsika minibasi ya ku Ekwendeni cha m'ma 12, jekete lawo lamakedzana, chipewa chaubweya, mpeni wawowawo m'thumba. Paukwati, pachinkhoswe, pamaliro a kwathu, wogawa nyama ndi iwo kuyambira ndisanabadwe. Atapereka moni anaima pa dramu n'kuyang'anitsitsa msomali uli chilili pantchafu ya nkhuku.

"Inu a ku Joni, nkhukuyi mukuibaya jakisoni itafa kale?"

Alamu anavula kapu n'kufotokoza mwaulemu. Anawonjezeranso zina zimene palibe anafunsa, kuti mu 2024 akatswiri a chitetezo cha makompyuta ku America anasonyeza kuti munthu wachilendo akanatha kulamula mbaula za Wi-Fi za Traeger ali kutali, kukweza moto kapena kuuzimitsa, mpaka kampaniyo inatseka mpatawo. Atsibweni anagwedeza mutu. "Munthu wopsereza ndiwo za mnzake iye ali kunyumba kwake, kwathu tili nalo dzina lake."

Patapita mphindi zoposa 30 khungu la nkhuku linali litafiira bwino, mafuta akudontha n'kumalira pamakala. Atsibweni anakanikiza ntchafu ndi chala, ananunkhiza, nati, "Mphwanga, phula, yapsa." Foni inkanena madigiri 58. Alamu anati tidikire 74. Ine ndinali pakati ngati nkhoswe, sindingatsutse atsibweni pamaso pa mlendo, sindingachititsenso manyazi mlamu amene wakwera basi masiku awiri. Mlandu anaudula ndi mkazi wanga. Anabwera ndi mpeni wa kukhitchini, osafunsa munthu, n'kung'amba nkhuku pamfundo ya ntchafu. M'kati munali nyama yonyezimira, timadzi tofiira tikuyenderera pawaya.

Palibe analankhula. Atsibweni anatola kamtengo, anakankhira makala mbali imodzi, anasunthira nkhuku kumene kunalibe moto wambiri, nati nkhuku za masiku ano n'zonenepa mopusa.

Pa zonse za lero, nambala ija ya 74 ndi imene yandikhala m'mutu. Ndi pamene tizilombo tokonda nkhuku, Salmonella ndi Campylobacter, timafa nthawi yomweyo. Ndakhala ndikukumbukira maphwando angapo amene mawa lake tonse tinkapikisana pachitseko cha chimbudzi, tikunamizira madzi, tikunamizira saladi, nkhuku yofiira kunja ija osaiganizira n'komwe. Ndipo diso limanama mbali zonse ziwiri. Foni itafika pa 74 tinang'amba ntchafu ina, pafupi ndi fupa panali pofiirirabe. Nkhuku zoyerazi zimaphedwa zili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono, mafupa ake akadali anthete, ndiye mtundu wa m'mongo umatulukira kunja ngakhale nyama itapsa. Ndinafotokoza zimenezi. Mkazi wanga anati ana ake sadya kufotokoza, n'kubwezera zidutswazo pamoto. Ndinangozisiya.

Mbuzi ndi imene inabwezera atsibweni ulemu wawo. Pa app panalibe mbuzi, alamu anasankha nkhosa, ndipo foni inalira pa 63. Anadula kachidutswa akumwetulira, anandipatsa. Ndinatafuna, ndinatafuna, ngati ndaluma lamba wa chigayo. Msomali sunaname, kutentha kunalidi 63. Koma mbuzi imene yakhala moyo wake wonse ikukwera zitunda ili ndi mitsempha imene sifewa pa 63. Imafuna maola angapo, m'kati mufike cha m'ma 90, kuti mitsemphayo isungunuke. Zimenezo msomali sudziwa, umangodziwa nambala imene waupatsa.

Atsibweni sananene kuti ndinakuuzani. Anapaka mwendowo mchere, adyo, ndimu ndi kambuzi, anakweza waya ndi njerwa ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, anaphimba ndi lata, n'kukhala pampando. Kuphika pamoto wochepa nthawi yaitali kumene a mbaula za Wi-Fi amanyadira, kwathu ndi kuwamba, ndipo amayi a ku Nkhata Bay amachita ndi nsomba tsiku ndi tsiku.

Nambala inakwera mpaka 68 n'kuima pomwepo pafupifupi ola lathunthu. Alamu anazimitsa foni, anayatsanso, anaigwedeza m'mwamba ngati akusaka netiweki. Sikuti panawonongeka kanthu. Nyama yaikulu ikafika pamenepo imatuluka thukuta, madzi akamauma pamwamba amaiziziritsa monga momwe thukuta limatiziziritsira ife, ndiye kutentha kumaima kaye. Atsibweni, amene sanayang'ane foni ngakhale kamodzi, anangoti, "Ikupuma, isiyeni."

Ola limenelo ndi limene ndalikonda lero. Tinazungulira dramu manja ali pamoto, ndipo atsibweni anasimba za mkulu wawo amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana. Anabwerako ndi wailesi yaikulu ngati kabati, mudzi wonse unkasonkhana madzulo, mpaka mabatire anatha n'kukhala choikapo nyale. "Wobwera ku Joni aliyense amabwera ndi chinthu cholira," anatero akuyang'ana alamu, ndipo alamu anaseka mpaka kutsokomola. Ine n'kumaganiza kuti chimene makampaniwa akugulitsa kwenikweni ndi chilolezo chochoka pamoto. Mwina kwa munthu wa ntchito ziwiri n'chamtengo wapatali. Ku Mzuzu mu Julaye, pamoto ndi pamene aliyense akulimbirana malo.

Komabe tinachoka. Mvula inakula, mpira wa ligi unayamba pa wailesi ya kanema, ndipo alamu anati tisadandaule, foni ilira yokha ikafika 90. Tinalowa tonse. Atsibweni anapita kuseri kwa nyumba kamphindi. Zimene sitinadziwe n'zakuti Bluetooth ija inakanika kudutsa makoma awiri a njerwa, nambala pafoni inali yakale, itangouma pa 81. Kunja mphepo inasuntha lata, mafuta a mbuzi anadonthera pamakala, malawi anabuka. Alamu ya foni sinalire, alamu a munthu maso ali pa penate. Amene anamva fungo ndi mwana wanga yemwe uja. Anathamanga, anakoka mwendowo ndi nsanza, anathira phulusa pamakala, kenako anabwera pakhomo n'kunena modekha kuti, "Adadi, nyama yanu imayaka."

Mbali imodzi inada ngati tayala. Atsibweni anaipala ndi mpeni wawo uja osanena kanthu. Mbali inayo inafewa moti imachoka pafupa ndi chala. Tinadya ndi nsima, tomato wa anyezi ndi kambuzi, ana anatha nkhuku yonse. Ndawauza alamu kuti ulendo wina andibweretsere choyezera wamba, chobaya n'kuwerenga pomwepo, chosafuna pasiwedi kapena bandulo yanga. Anati ndine wachikale. Ndinavomera.

Cha m'ma 5 atsibweni anatsanzika kuti apeze minibasi kusanade. Mkazi wanga anawakulungira fupa la mwendo ndi nyama yotsalira m'nyuzipepala, kuti akapatse azakhali. Titayamba kutsuka mbale alamu anatsegula kabokosi kawo, mulibe kanthu. Tinasaka m'phulusa ndi tochi ya foni, tinasaka m'madzi otsukira, tinaunika pansi pa dramu, mpaka tinayang'ana galu wa aneba mokayikira. App inkangoti yataya kulumikizana.

Nthawi itangopitirira 8 koloko foni yanga inalira.

"Mphwanga, wauze a ku Joni kuti jakisoni wawo ali kuno, azakhali ako anatsala pang'ono kumuluma."

Ndinati zikomo atsibweni, mawa ndituma mnyamata adzatenge, poti Lachiwiri akunyamuka. Kunali zii kwa kanthawi, ndimangomva wailesi ikulira chapansipansi kumbali kwawoko.

"Nambala ya nkhuku ija munati ndi chani, 74? Mwezi wamawa kuno kuli chinkhoswe. Afunse ngati kamagwira pa foni yanga ya mabatani."