Sabata yachisanu ndi chiwiri ku chipala: mbedza yapsa, njerewere ikadalipo

Loweruka lapitali ndinapsereza mbedza yanga yachitatu. Ndinaiwala chitsulo m'malasha ndikumvetsera nkhani, ndipo pochitulutsa chinali mbee, chikuthetheka ngati moto wa tsekera. Achikulire amene amandiphunzitsa kusula zitsulo kuno ku County Clare, m'dziko la Ireland, anangochiyang'ana n'kuchiponya pakona. Chitsulo chimamenyedwa chikafika pachikasu chonga lalanje, chikayera ndiye kuti chapita.

Koma dzanja layamba kumva. Nsonga ndikuisongola potenthetsa katatu, pomwe poyamba zinkanditengera kasanu ndi kawiri, ndipo mbaniro sizikundipulumukanso.

Chimene chinandiiwalitsa chitsulocho ndi madzi a m'mwala momwe amaziziritsira zitsulo. Ataona njerewere pachala changa, achikulirewo anati kale anthu ankabwera kudzatunga madzi akuda amenewo ngati mankhwala a njerewere, ena ankachita kuba wosula asakuona, poti ankati akatero m'pamene amagwira ntchito. Ndinkayesa akundinamiza mlendo. Usiku ndinafufuza pa tsamba la pa intaneti la Dúchas, pomwe pali zimene ana asukulu a ku Ireland analemba pakati pa 1937 ndi 1939 atafunsa agogo awo, ndipo za madzi a m'chipala zilimo mbwee, m'maboma osiyanasiyana.

Wosula ankaopedwa ndithu. Ukamulakwira, ankatha kutembenuza chitsulo chake chosulirapo n'kukutemberera, ndipo temberero limenelo anthu sankaseweretsa. Mu 1798, pa nthawi youkira Angerezi, osula ndiwo ankapanga mikondo, n'chifukwa chake ambiri anakwapulidwa. Ngakhale dzina loti McGowan limatanthauza mwana wa wosula. Ine zinandikumbutsa agogo ku Kasungu, momwe ankakambira za ng'anjo ndi miyambo yake motsitsa mawu, ngati munthu wodziwa kufewetsa chitsulo si munthu wamba. Kusiyana n'koti kuno ntchito yaikulu inali kuveka akavalo zitsulo kumapazi, mpaka zipala zina, monga cha ku Enniskerry, zinamangidwa ndi khomo looneka ngati chitsulo cha kuphazi kwa kavalo.

Chala ndinaviika, sindibisa. Ndinadikira achikulire atuluke kukayankha foni, kuti zikhale zakuba monga mwa mwambo. Lero ndi Lachinayi ndipo njerewere ili phee pamalo pake.

Loweruka likubwerali ndiyambanso mbedza, ndipo akuti ikatuluka yowongoka andilola kuyesa mpeni.