Usiku umene chitseko chinadikira mavoti

Kampani ya Broadcom itagula VMware, eni ake pulogalamu imene inkayendetsa maseva athu, mu November 2023 n'kusiya kugulitsa malaisensi ogula kamodzi, abwana anandituma ndifufuze kothawira. Ndinayerekeza mapulogalamu ena a ntchito yomweyo, Hyper-V ndi Proxmox, ndi kungokhala pomwe tinali, ndinalemba lipoti lamasamba ambiri, iwo anawerenga mzere wa mtengo wokha n'kuti, "Proxmox." Tinasamuka bwinobwino: maseva awiri, ma VM onse (makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa seva) ali mmenemo, ine ndikuyenda chotukumuka mukhonde ngati ndagwetsa mkango.

Ndiye Proxmox VE 9 inatuluka mu August 2025, yomangidwa pa Debian 13. Ndinasankha Lachisanu usiku, anthu onse ataweruka. Dongosolo lake linali losavuta: kusamutsira ma VM onse pa seva yachiwiri, kukweza yoyamba kupita pa mtundu watsopanowo, kuiyatsanso, kenako kusinthana. Ndinayendetsa pve8to9, kapulogalamu kofufuza mavuto usanakweze, palibe chofiira chinaoneka. Vuto linali la RAM. Seva yachiwiri sikanatha kusenza katundu yense, choncho ndinazimitsa ma VM amene usiku sagwira ntchito. Pakati pawo panali yosunga mapasiwedi athu, ndi ina yotchedwa "test-old2" imene tinaitengera kuchoka ku ESXi ya VMware ija popanda wodziwa ntchito yake. Munthu wabwinobwino ataona dzina lotere angaganize chiyani? Ndikufunsa chabe.

Kukweza kunatha, ndinalemba reboot. Amene anagwirako maseva akudziwa kuti zinthu zimenezi sizidzuka msanga, zimayamba zawerenga RAM yonse, mafani akulira ngati ndege. Ndinati mpata ndi uno, ndithamangire kuchimbudzi. Laputopu ndinaisiya patebulo, chitseko cha chipinda cha maseva chinadzitseka kumbuyo kwanga.

Pobwera ndinagunditsa khadi. Kagetsi kofiira. Ndinalipukuta pamalaya, ndinagunditsanso. Kofiira. Chitseko chathucho masana chimakumbukira makadi chokha, koma nthawi ya ntchito ikatha chimayamba chafunsa kaye seva. Seva iti? Mwadziwa kale. Ine ndinadziwira pomwepo, nditaima mukhonde, manja akadali onyowa.

Ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Seva yoyamba inali isanadzuke. Pa sikirini panali kudandaula za kabatire ka mkati, ndipo pansi pake mawu oti ndidine F1 kuti ipitirize. Kiyibodi ndimaiona bwinobwino, mamita atatu kuchoka pamphuno panga.

Foni inali m'thumba, mwamwayi. Ndinalowa kudzera pa VPN, njira yolowera pa netiweki ya ofesi uli kunja, ndinatsegula tsamba la seva yachiwiri pa port 8006, ndinapeza "test-old2", ndinadina Start. Yankho linabwera: cluster not ready - no quorum? Kutanthauza kuti mavoti sanakwane.

Apa ndiyenera kufotokoza, poti ngakhale ndinali nditakwiya, makinawo sanalakwe. Maseva akakhala pagulu, iliyonse imakhala ndi voti imodzi, ndipo kuti pachitike chilichonse pamafunika mavoti oposa theka. Cholinga chake n'choti maseva akasiya kuonana, asayatse VM imodzimodzi mbali zonse ziwiri n'kuononga disiki. Nzeru yabwino. Koma pa maseva awiri, oposa theka ndi awiri omwewo. Zili ngati komiti ya anthu awiri: tcheyamani akatuluka, mlembi amangokhala n'kumayang'ana khoma. Ma VM amene anali oyaka anapitiriza ntchito, koma kuyatsa wina, ayi.

Mankhwala ake ndimawadziwa pamtima: pvecm expected 1. Kungouza sevayo kuti lero voti imodzi ikwana. Koma lamulo limenelo limafuna root, akaunti yamphamvu zonse pa seva, ndipo pasiwedi ya root, yaitali yosaloweza, inali mu VM yosunga mapasiwedi ija ndinazimitsa. Ndinati chabwino, ndilowe pakhomo loyendetsera seva uli kutali, ndidine F1 kumeneko. Pasiwedi yake? Momwemo.

Ndinatsika kwa alonda. Anali bambo achikulire, ofatsa, atavala jekete lalikulu.

"Madala, kiyi wa chipinda cha maseva muli naye?"

"Alipo, bwana."

Mtima unakhala pansi. "Ndibwerekeni."

"Ndione kaye ngati dzina lanu lili pamndandanda." Anatembenukira pakompyuta yawo, anadina, anadikira. "Sizikutseguka, bwana. Chiyambire cha m'ma 11 koloko."

"Eya, mndandandawo uli pa seva imene ndikufuna kukayatsayo."

"Ndiye kayatseni, tione dzina."

"Kuti ndiyatse ndikufunika kiyi."

"Kuti ndipereke kiyi ndikufunika dzina." Sanali kuseka. Anandikumbutsanso kuti lamulo limenelo linachokera ku ofesi ya IT, ndipo pepala lake linali pakhoma. Pansi pake panali siginecha imene ndinaizindikira msanga.

Ndinayesa kuwafotokozera za mavoti. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye makinawo ali ndi mwambo kuposa anthu."

Kunatsala kuimbira abwana. Analandira foni ndi mawu a munthu amene wadzutsidwa pakati pa loto labwino. Ndinafotokoza mwachidule, mwaukadaulo, mosatchula chimbudzi.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?" anafunsa.

"Bwana, kuzimitsako ndachita kale. Chatsala n'kuyatsa."

Panakhala chete. "Apatseni foni alonda."

Chilolezo chinaperekedwa, koma osati kwa ine. Abwana anati kiyi asachoke m'manja mwa alonda. Tinakwera limodzi, iwo patsogolo ndi tochi, ine pambuyo. Anatsegula, analowa, anaima kutsogolo kwa sikirini n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Ikuti F1, bwana. Ndi kameneka?"

Ndisanayankhe anali atadina. Mafani analira, seva inadzuka, mavoti anakwana awiri, "test-old2" inayaka, kagetsi kapachitseko kanasanduka kobiriwira. Alonda anandiyang'ana, anayang'ana chala chawo, anafunsa ngati ntchito yathu yonse imakhala yotere.

Seva yachiwiri ndinaikweza nditatchinga chitseko ndi mpando. Sabata yotsatira ndinatenga kakompyuta kakale n'kukasandutsa QDevice, koti kazingoponya voti yachitatu, ndipo mapasiwedi a root tinawasindikiza n'kuwatsekera mu sefa ya kiyi wachitsulo. Batire lija tinasintha.

Lolemba m'mawa abwana anandiitana, buku la alonda lili patebulo lawo lotsegula. Anandiwerengera mokweza, a maakaunti onse akumva: "01:40. A IT atsekeredwa panja ndi makompyuta awo. Ndakonza."