Ulendo wa ku Sevilla: samalani pomwe mukutsindika mneni

Sitima yothamanga ya AVE imanyamuka pa siteshoni ya Atocha ku Madrid n'kukafika pa Santa Justa ku Sevilla pakatha pafupifupi maola awiri ndi theka. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1992. Paulendowu ndinaona kuti mlendo amasokoneza eni dziko makamaka akatsindika mneni wa Chisipanishi pa phatikizo lolakwika, ngakhale mawuwo akuwadziwa.

Choyamba dulani mneniyo m'maphatikizo. Malembo ll, rr ndi ch sagawidwa: lle-gar, ce-rrar. Nawonso bl, pr ndi tr amayendera limodzi: ha-blar, en-trar. Ife tinazolowera mp ndi nt koyambirira kwa phatikizo, monga mu mpando, ndiye lilime limafuna co-mprar pomwe eni ake amati com-prar. Musaphatikizenso a pambuyo pa r womaliza.

Lamulo la kutsindika ndi lalifupi. Mawu othera ndi a, e, i, o, u, n kapena s amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: SA-le, LLE-gan. Apa sitivutika, chifukwa ndi pomwenso Chichewa chimakoka mawu. Othera ndi lembo lina amatsindikidwa komalizira: pa-GAR. Osemphana ndi lamuloli amalembedwa kachizindikiro pamwamba, ndipo mpamene pagona nkhani. Mukagula khofi m'sitimamo n'kunena PA-go, ndiye kuti mukulipira ndinu, koma pa-GÓ ndiye kuti wina analipira kale. LLE-go ndi ndikufika, lle-GÓ ndi anafika. Chizolowezi chathu chokoka mawu chimasandutsa zakale za munthu wina kukhala zatsopano za inuyo.

Pamene i kapena u wosatsindikidwa wagundana ndi a, e kapena o, limakhala phatikizo limodzi: quie-ro, pue-do, sa-lió. Kachizindikiro kakakhala pa i, amapatukana: sa-lí-a, maphatikizo atatu. Mukamata me, lo kapena se kumapeto kwa mneni wolamula, kutsindika sikusuntha, n'chifukwa chake diga amalembedwa dígame, ndipo siente amakhala siéntese.

Ku Sevilla khutu limavutikanso. Anthu ambiri a ku Andalucía, chigawo chomwe kuli Sevilla, amameza s womaliza, moti estás imamveka pafupifupi ngati está. Koma kutsindika sakusintha. Pofunsa njira ya ku nsanja ya Giralda kapena ku dera la Triana, gwirani phatikizo lomwe likumveka kwambiri, chifukwa ndi lomwe likusiyanitsa está, kutanthauza ili pakuti, ndi esta, kutanthauza iyi.