Sabata yokweza Ubuntu pa maseva a ku Kanengo

Lolemba ndinapatsidwa maseva atatu a kampani ina yosunga katundu ku Kanengo. Onse anali pa Ubuntu 20.04 (mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta), yomwe chisamaliro chake chaulere chinatha mu 2025. Abwana akumeneko ankafuna 24.04 pofika Lachisanu, koma palibe chidule: do-release-upgrade, pulogalamu yokwezera Ubuntu, imakudutsitsa kaye pa 22.04.

Ndisanakhudze kanthu ndinakopera zomwe zili mu /proc/cmdline, poti m'menemo ndi momwe mumaoneka zimene kernel (mtima wa Linux) inauzidwa makina akuyaka, n'kuzifananitsa ndi za mu /etc/default/grub, fayilo ya malangizo a GRUB, pulogalamu yomwe imayatsa kernel. Pa maseva awiri zinagwirizana. Pa yachitatu, ya ku akaunti, kernel inali ndi net.ifnames=0, mawu ochititsa kuti khadi ya netiweki izidziwikabe ndi dzina lakale la eth0, koma mufayilomo munalibe. Kufufuza, ndinapeza kuti wina anachita kulemba pamanja mu /boot/grub/grub.cfg, chikhalirecho pamwamba pa fayiloyo pali chenjezo loti isasinthidwe. Kernel yatsopano ikangolowa, update-grub imailemba fayiloyi mwatsopano. Mawuwo anapulumuka chifukwa choti sevayo inatha zaka osaona update.

Ndikanangoyamba kukweza, eth0 ikanadzuka ili ndi dzina lina ngati enp3s0, netplan, yomwe imakonza netiweki, n'kumasakabe eth0, netiweki zii. Ine wa ku Area 3 ndikanakwera minibasi kiyibodi ili m'khwapa.

Lachiwiri lonse linathera kulemba. Seva iliyonse ndinaipangira fayilo yake mu /etc/default/grub.d/, ndipo pamwamba pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX ndinaika ndemanga: option iyi ndi ya chiyani, inaikidwa liti, ingachotsedwe pakachitika chiyani. Ena amati izi n'zotaya nthawi. Ine option ngati console=ttyS0,115200 yopanda chifukwa cholembedwa imandiopsa kuposa error, chifukwa aliyense amaopa kuichotsa ndipo imangokhala.

Lachitatu tikukweza, makina anafunsa ngati tisunge /etc/default/grub yathu kapena titenge yatsopano. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwathu anali atagwira kale Enter. "Achimwene, ndingodina?" Ndinati ayambe waona kusiyana kwa mafayilo awiriwo. Tinatenga yatsopano, poti zathu zinali kale mu grub.d. Kernel inachoka pa 5.4 kufika 5.15, Lachinayi 6.8.

Chinatsala ndi nomodeset, option yoletsa kernel kusintha kaonetsedwe ka sikirini, pa seva yakale kwambiri. Palibe ankadziwa chomwe inaikidwira. Lachisanu ndinapita komweko, ndinatsegula menyu ya GRUB, ndinadina e, ndinafufuta mawuwo, kenako Ctrl+X. Ubwino wake kusintha kotere kumagwira ulendo umodzi wokha, makina akayakanso zimabwerera mwakale. Sikirini inada bii. Ndiye nomodeset ndinaisiya, n'kulemba pa ndemanga kuti tinayesa kuichotsa pa kernel 6.8 koma graphics ya makinawo inakana.