Mmene ndinaphwanyira nambala 4,294,967,297 ndi pepala ndi cholembera

Nambala iyi mumaipeza mukachulukitsa 2 kokwana ka 32 n'kuwonjezerapo 1. Cha m'ma 1640, Pierre de Fermat wa ku France ankakhulupirira kuti ndi prime, ndiye kuti nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Sankangolota, chifukwa abale ake a nambalayi, 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, omwe amapezeka mukachulukitsa 2 kokwana ka 1, 2, 4, 8 ndi 16 n'kuwonjezerapo 1, onse ndi ma prime. Ine ndinafuna kudzionera ndekha popanda kompyuta.

Zoyambirira sizinanditayitse nthawi. Imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 zagwa. Manambala ake ndikawaphatikiza akukwana 59, ndiye 3 nayo yagwa. Koma kupitiriza chonchi kunali kosatheka. Kuti nditsimikize, ndinayenera kuyesa ma prime onse mpaka 65,536 (poti 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536 ndi pafupifupi nambala yathuyi), ndipo alipo 6,542.

Apa ndi pomwe ndimamugomera Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, yemwe anaiphwanya nambalayi mu 1732. Iye anaonetsa kuti prime iliyonse yoigawa iyenera kutsalira 1 ikagawidwa ndi 64. Ndinalemba mndandanda: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Zomwe si ma prime ndinazifufuta, ndipo 257 ndinaisiyanso, poti abale a m'banja la Fermat sagawana. Panatsala 193, 449, 577 ndi 641.

Sindinagawe chinambala chonsecho. Ndinkangosunga zotsala, kuyambira pa 256, poti mukachulukitsa 256 ndi 256, kenako yankholo ndi ilo lomwe, mupeza nambala yathu kuchotsapo 1. Pa 193: 256 imatsalira 63, 63 kuchulukitsa ndi 63 ndi 3,969, yotsalira 109, 109 kuchulukitsa ndi 109 ndi 11,881, yotsalira 108. Kuwonjezera 1 uja, 109, osati 0. Yakana. Nazonso 449 ndi 577 zinakana. Njirayi ndimaikonda kwambiri chifukwa manambala onse amakwana pa ngodya ya pepala.

Tsono 641. 256 kuchulukitsa ndi 256 ndi 65,536, yotsalira 154. 154 kuchulukitsa ndi 154 ndi 23,716, pomwe 641 kuchulukitsa ndi 37 ndi 23,717. Ikupereŵera ndi 1 yekha, ndipo 1 ameneyo ndi yemwe tiwonjezereyo. Kugawa kunapereka 6,700,417, yomwe nayonso ndi prime.

Mtundu wake tsopano ndi wodziwika. Ndi nambala yobadwa mwa ma prime awiri okha, ndipo zoigawa ndi zinayi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Zitatu zoyambazo zikaphatikizidwa zimangokwana 6,701,059, kutali kwambiri ndi mwini wake, choncho ili m'gulu la manambala opereŵera. Mukaichotsera 1 mupeza 4,294,967,296, chiwerengero cha ma adiresi a intaneti omwe njira yoperekera ma adiresi yotchedwa IPv4 ingakwanitse kupereka. Mu 1878 Édouard Lucas, katswiri wa masamu wa ku France, anaonetsa kuti m'malo mwa 64 ndikanatha kugwiritsa 128, ndipo ma prime a mumndandanda wanga akanangokhala 257 ndi 641.